Chaka cha 4 BC: Mukutibisiranji?

Mfumu Herode adamwalira m'chaka cha 4 BC. Umu ndi mmene akatswiri ambiri a mbiri yakale amawerengera, ndipo nambala yomweyi ndiyo ili m'mabuku ofotokoza Baibulo amene adzaza m'mashelufu mwanu. Uthenga Wabwino wa Mateyo ukunena poyera kuti Yesu adabadwa Herode akadali moyo, akadali pa mpando, akadali ndi mphamvu zotuma asilikali. Ndiye inu nomwe mudatiphunzitsa kuti zilembo za BC zimaimira zaka za Khristu asanabadwe. Ikani zinthu zitatuzi pamodzi. Zikutuluka n'zakuti Khristu adabadwa zaka zinayi kapena kuposerapo Khristu asanabadwe.

Mwana wa sitandade 7 akhoza kuona kuti apa pakhota. Nanga inu amene mumalemba mabuku a mbiri, inu osankha zimene ana aphunzire ndi zimene afunsidwe pa mayeso, inu ophunzitsa abusa ndi akatekisiti, inu oima pa gome Lamulungu lililonse la mu Disembala, simupaona? Ngati mumapaona, mudayamba liti kupaona? Ndipo chiyambire tsiku limenelo, mwauzapo anthu angati?

Musanene kuti ndi nkhani yatsopano imene sinafike kuno. Johannes Kepler, katswiri wa zakuthambo wa ku Germany, adatulutsa buku lathunthu mu 1614 kuonetsa kuti Yesu adabadwa zaka zingapo chiwerengero chathu chisanayambe. James Ussher, bishopu wamkulu wa ku Armagh ku Ireland, uja adawerengera mu 1650 kuti dziko lidalengedwa mu 4004 BC, nayenso ankadziwa: zaka zinayi zapamwamba pa 4000 zija adaziwonjezera pofuna kukonza cholakwa chomwechi. Papa Benedict XVI, m'buku lake la mu 2012 lonena za ubwana wa Yesu, adavomereza kuti amene adayambitsa chiwerengerochi adaphonya ndi zaka zingapo. Wasayansi adanena, bishopu wa Chipulotesitanti adanena, Papa adanena. Atsala ndani woti mumudikire?

Nkhani yake ndi iyi, ndipo ikhoza kukwana pa tsamba limodzi la buku la fomu 1. M'chaka chimene ife timachitcha 525, mmonke wina wokhala ku Roma, Dionysius Exiguus, ankakonza ndandanda yosonyeza tsiku la Pasaka la zaka zam'tsogolo. Ndandanda imene adaipeza idachokera ku Alexandria, ku Egypt, ndipo inkawerenga zaka kuyambira pamene Diocletian adalowa ufumu, mu 284. Diocletian ameneyu ndiye adazunza Akhristu kuposa mafumu ena onse a Roma. Matchalitchi adagwetsedwa, mabuku oyera adawotchedwa, okana kupereka nsembe adaphedwa. Dionysius sadafune kuti dzina la wozunza lizitchulidwa chaka ndi chaka powerengera tsiku la kuuka kwa Ambuye. Choncho pamene pakadalembedwa chaka cha 248 cha Diocletian, iye adalembapo chaka cha 532 cha Ambuye. Njira imene adapezera nambalayo sadaifotokoze. Cholinga chidali chabwino, koma masamu adaphonya. Padapita zaka zoposa 200 kuti chiwerengerochi chizike mizu, makamaka Bede wa ku England atachigwiritsa ntchito m'buku lake la mbiri ya mpingo la mu 731. Kuwerenga chobwerera m'mbuyo, kuja kwa BC, kudafala mochedwa kwambiri, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Ndipo Akhristu a mpingo wa Coptic ku Egypt mpaka lero akuwerengabe kuyambira 284, pokumbukira amene adafera chikhulupiriro nthawi imeneyo.

Chovuta n'chiyani pamenepa? Muli mawu ati amene mwana wa fomu 1 sangawamve? Bwanji dzina la Dionysius silitchulidwa pamene mukujambula mzere uja pa bolodi, BC kumanzere, AD kumanja? Kodi mukuopa kuti mwana akadziwa kuti nambala ya chaka idalembedwa ndi dzanja la munthu, asiya kudalira kalendala? Kalendala siwonongeka ayi. Zili ngati woyeza munda amene wazika chikhomo choyamba pamalo olakwika: mizere yonse imatuluka yowongoka, mipata yake yofanana, kungoti munda wonse wasunthira mbali imodzi. Palibe akuti tizule chikhomocho. Tikungoti nenani kuti chidazikidwa posayenera. Ena mwa inu mwasintha zilembo, mukulemba BCE ndi CE, n'kumaona ngati mwathana nayo. Nambala ndi zomwe zija. Zilembo zatsopano sizifotokozera mwana chifukwa chake kuwerenga kumayambira pamene kumayambirapo.

Mzere womwewo uli ndi msampha wina. Pakati pa BC ndi AD palibe chaka cha 0. Chaka cha 1 BC chitatha chidabwera chaka cha AD 1. Kuchokera mu 4 BC kufika mu AD 4 ndi zaka 7, osati 8. Ndi ana angati adalembedwa kuti alakwa atapeza 7? Ndi angati adapatsidwa malikisi atapeza 8? Akatswiri a zakuthambo, pofuna kuti masamu awo aziyenda bwino, adadzipangira chaka cha 0 chawochawo, ndiye kwa iwo 4 BC ndi −3. Ndipo pamene dziko linkaphulitsa makombola pa 1 Januwale 2000, ambiri akuyesa kuti zaka 2,000 zakwana chibadwire Yesu, zaka zimenezo zidali zitakwana kale pofika 1997. Ndani mwa inu adaimirira n'kunena?

Tsono funsani funso limene mabuku anu safunsa: anthu amene adali moyo m'chaka chimenecho ankachitcha chiyani? Palibe ndi mmodzi yemwe adachitcha 4 BC. Ku Roma chaka chinkadziwika ndi mayina a akuluakulu awiri oikidwa pa udindo wa consul chaka chimenecho, ndiye ichi chidali chaka cha Gaius Calvisius Sabinus ndi Lucius Passienus Rufus. Ophunzira ochepa otsatira mawerengedwe a katswiri wina, Varro, akadati ndi chaka cha 750 chimangidwire mzinda wa Roma, ngakhale Aroma ena ankaika chiyambi cha mzindawo pa zaka zina. Olemba mbiri a Chigiriki ankawerenga ndi masewera a ku Olympia, ochitika kamodzi pa zaka zinayi kuyambira 776 BC, ndipo pakati pa chaka chathuchi padayamba chigawo cha 194. Ku Syria ankawerenga kuyambira ufumu wa Seleucus: 308 inkatha, 309 n'kuyamba. Mlembi wa msonkho ku Egypt ankalemba chaka cha 26 cha Kaisara Augustus, kenaka chakumapeto kwa Ogasiti n'kuyamba kulemba 27. Ku Yudeya chidali chaka cha 37 chilongedwere Herode ufumu ndi Aroma, kapena cha 34 chilandire iye mzinda wa Yerusalemu pankhondo. Ku China chidali chaka chachitatu cha nyengo yotchedwa Jianping, ya mfumu Ai wa banja lachifumu la Han, ndipo pa mzungulire wawo wa zaka 60 chidali chaka cha njoka. Zaka zonsezi sizinkayamba tsiku limodzi, ngakhale mwezi umodzi. Chimene ife timachidula ngati chaka chimodzi, kwa ambiri a iwo chidali mchira wa chaka china ndi mutu wa chinzake.

Manambala enanso amene amaikidwa pambali pa 4 BC m'ndandanda za makalendala a dziko lapansi adadza pambuyo, monga BC yemweyo. Kalendala ya Chiyuda yowerenga kuyambira chilengedwe imati 3757 kulowa 3758. Ya ku Byzantium, imene dziko la Russia lidaigwiritsa ntchito mpaka 1700, nayonso yowerenga kuyambira chilengedwe chomwecho, imati 5505 kulowa 5506. Zasiyana ndi zaka 1,748. Onse adawerenga mibadwo ya m'buku la Genesis, koma ena adatsata malemba a Chihebri, ena malemba omasuliridwa m'Chigiriki, ndipo zaka za makolo m'malemba awiriwa sizifanana. Gawo lalikulu la kusiyanaku likuchokera pamenepo. Kodi mbusa amene mwamusula zaka zitatu kapena zinayi n'kumudzoza akudziwa zimenezi? Ngati akudziwa, adaloledwa kuzinena? Nanga mwana wa sukulu mudamuuzapo kuti pali manambala amene anthu akalewo adalemba ndi manja awo, ndi ena amene tidawamata ife patapita zaka mazanamazana?

Ndipo kalendala sidakhalepo chinthu cha masamu okhaokha. Nthawi zonse dzanja la wolamula limakhalapo. M'chaka cha 4 BC chomwechi kalendala ya Roma idali mkati mokonzedwa. Julius Caesar adalamula kuti kuyambira 45 BC tsiku lowonjezera lizibwera kamodzi pa zaka zinayi, koma iye ataphedwa ansembe oyang'anira kalendala ankaliika pa zaka zitatu zilizonse. Cholakwacho chidayenda zaka zoposa 30, mpaka masiku atatu adapitirira muyeso. Augustus adalamula kuti tsiku lowonjezeralo liyambe laima kwa zaka zingapo kuti zinthu zibwerere m'malo, ndipo mu 8 BC mwezi wa Sextilis udapatsidwa dzina lake, lija tikulitchulabe mpaka lero kuti Ogasiti. Ku China, chaka chimodzi chokha 4 BC isanafike, mu 5 BC, mfumu Ai, wodwaladwala komanso wopanda mwana, adamvera mlangizi wina, Xia Heliang, amene adamuuza kuti akasintha dzina la nyengo, ufumu wa Han upeza mphamvu zatsopano ndipo iye achira. Dzina lidasinthidwa. Matenda sadasinthe. Pasanathe miyezi itatu dzina lakale lidabwezeretsedwa ndipo Xia Heliang adaphedwa.

Imeneyi si mbiri? Si nkhani zoti zingadzutse mwana wowodzera kumbuyo kwa kalasi? Mudasankhiranji kumupatsa nambala youma yoti aloweze, n'kumubisira anthu amene adaipanga, adailakwitsa, adaikonza, ena mpaka kufera momwemo?

Komabe chondiwawa kwambiri ndi zimene zidachitika m'chaka cha 4 BC, zimene mwazikhalira chete ngakhale zidalembedwa bwinobwino ndi Flavius Josephus, Myuda wolemba mbiri amene adabadwira ku Yerusalemu patangopita zaka 40.

Herode adali ndi zaka pafupifupi 70, thupi litatheratu ndi matenda. Pamwamba pa chipata chachikulu cha Kachisi adali ataikapo chiwombankhanga chagolide, chimene Ayuda opembedza ankachiona kuti ndi fano loswa Malamulo. Aphunzitsi awiri otchuka, Judas ndi Matthias, adauza ophunzira awo kuti nthawi yochichotsa yakwana, ndipo itamveka mphekesera yoti mfumu yafa, anyamatawo adakwera masanasana anthu akuona, n'kuchigwetsa, n'kuchiphwanya ndi nkhwangwa. Pafupifupi 40 adagwidwa. Herode adaweruza mlanduwo ku Yeriko ali chigonere pa kama, ndipo aphunzitsiwo pamodzi ndi amene adatsogolera adawotchedwa amoyo. Josephus akuti usiku womwewo kudachitika kadamsana wa mwezi. Akatswiri a zakuthambo atawerengera chobwerera adapeza kadamsana wooneka ku Yudeya pa 13 Malichi 4 BC, kutatsala mwezi umodzi kuti chikondwerero cha Paskha chifike, ndipo Josephus akuti Herode adafa Paskhayo isanakwane. Umenewo ndi umboni woyamba wakuti Herode adafa mu 4 BC. Wachiwiri ndi zaka za ana ake. Archelaus adachotsedwa pa mpando mu AD 6 ali m'chaka chake cha 10. Ndalama zachitsulo za Antipas zimafika chaka cha 43, ndipo iye adachotsedwa mu AD 39. Werengani chobwerera muone pamene mufike. Alipo akatswiri ena, ochepa, amene amati kadamsana wa Josephus ndi wa mu Januwale 1 BC. Mtsutso umenewo ndi weniweni ndipo ana ayenera kuumva. Koma ngakhale iwo atapambana, Herode adafabe chaka cha AD 1 chisanafike.

Kutatsala masiku asanu kuti afe, Herode adapha mwana wake Antipater, atapha kale mkazi wake Mariamne ndi ana ena awiri, Alexander ndi Aristobulus. Adatsekera akuluakulu a dziko m'bwalo la mpikisano wa akavalo ku Yeriko, n'kulamula kuti iye akangotsirizika onsewo aphedwe, kuti dziko lilire lifune lisafune. Mlongo wake Salome sadatsate lamulolo, adawamasula. Maliro adapita ku Herodium, kufupi ndi Betelehemu, kumene Ehud Netzer, katswiri wofukula zakale, adalengeza mu 2007 kuti wapeza manda ake.

Kenaka magazi adayamba kuyenda. Pa Paskha anthu adadzaza Kachisi. Adali atapempha kale kuti misonkho itsike ndi kuti akaidi amasulidwe, ndipo tsopano ankalira aphunzitsi owotchedwa aja. Archelaus, Roma asanamuvomereze n'komwe, adawatumizira asilikali oyenda pansi ndi apakavalo. Adafa anthu pafupifupi 3,000, ndipo chikondwerero chidathera pomwepo. Iye ndi abale ake adauyamba wa ku Roma kukalimbirana chuma chamasiye pamaso pa Augustus. M'mbuyo muno mudafika Sabinus wina, woyang'anira chuma cha Kaisara, kudzagwira katundu wa malemu, ndipo pa Pentekoste nkhondo idabuka m'bwalo la Kachisi momwe. Makonde adapsa, mosungira chuma cha Kachisi mudathyoledwa, Sabinus yekha adatengamo matalente 400. Dziko lidayaka mbali zonse. Ku Galileya, Judas mwana wa Hezekiah adathyola nyumba ya zida ku Sepphoris. Kutsidya kwa Yordano, Simon, amene adali kapolo wa Herode, adadziveka chisoti chachifumu n'kukawotcha nyumba ya mfumu ku Yeriko. Ku Yudeya mbusa wa nkhosa, Athronges, wothandizidwa ndi abale ake anayi, nayenso adadzitcha mfumu.

Adadzazimitsa motowo ndi Publius Quinctilius Varus, bwanamkubwa wa Syria, amene adatsika ndi magulu awiri akuluakulu a asilikali a Roma kuwonjezera pa limodzi limene adalisiya kale ku Yerusalemu. Mzinda wa Sepphoris udawotchedwa, anthu ake adatengedwa ukapolo. Emmaus naye adapsa. Kenaka asilikali adasakasaka m'dziko lonse, ndipo Varus adapachika pa mitanda anthu pafupifupi 2,000. Kuchokera ku Sepphoris kufika ku Nazarete ndi makilomita pafupifupi 6.

Anthu 2,000 pa mitanda, m'dziko lomwelo, Yesu ali wakhanda kapena akuphunzira kuyenda. Kodi amayi amene ankatunga madzi ndi Maria ku Nazarete adalibe abale ku Sepphoris? Kodi mwana wokulira m'mudzi umenewo akadalephera bwanji kumva za mzinda wopsa uja ndi za anthu ake otengedwa? Nanga pamene mumalalikira kuti Yesu adauza omutsatira za kusenza mtanda, bwanji simutiuza kuti omvera ake adali ana ndi adzukulu a anthu amene adaona mitanda ikuimikidwa mazanamazana? Mateyo akuti Yosefe, pobwera kuchokera ku Egypt, adaopa kupita ku Yudeya atamva kuti Archelaus walowa m'malo mwa bambo wake. Ndime imeneyi mumaiwerenga chaka ndi chaka. Mudaimapo n'kufotokoza chimene ankaopa? Anthu 3,000 a pa Paskha aja akupereka chifukwa chomveka, ndipo chakhala chili m'mabuku zaka zoposa 1,900.

Si pomwepo pokha. Ayuda 50 adatumidwa ku Roma, ndipo Ayuda okhala ku Roma komweko oposa 8,000 adaima nawo, kukapempha Augustus kuti asawapatsenso mfumu ya banja la Herode. Augustus adamva mbali zonse, n'kugawa dziko patatu. Archelaus adapatsidwa Yudeya, Samariya ndi Idumeya koma dzina la mfumu adamumana, Antipas adatenga Galileya ndi Pereya, Philip madera a kumpoto chakum'mawa. Tsopano tsegulani Luka 19. Muli fanizo la munthu wa banja lolemekezeka amene adapita kudziko lakutali kukalandira ufumu, anthu a kwawo n'kutumiza nthumwi pambuyo pake zokamukana. Yesu adalinena ali ku Yeriko, akuyandikira Yerusalemu. Ofotokoza Baibulo ambiri amaona Archelaus m'fanizoli. Inu mumalilalikira ngati phunziro la kusamala ndalama ndi luso basi. Mbali ya nthumwi ija mumaidumphiranji?

Kodi n'chifukwa chakuti sewero la Khirisimasi limakoma ndi abusa, nyenyezi ndi mphatso, popanda Varus? Kapena n'chifukwa chakuti nkhani ya aphunzitsi ndi ophunzira ogwetsa chinthu chimene mfumu idaimika, nkhani ya anthu opempha kuti msonkho utsike n'kuyankhidwa ndi lupanga, siilowa bwino m'makutu mwa amene mumafuna kukhala nawo pamtendere? Sindikunena kuti mudapangana kubisa. Ndikunena kuti kukhala chete kwanuku kuli ndi amene kumawakomera, ndipo si ana amene muli nawo m'kalasi.

Chilungamo chikufunanso kuti zonse zinenedwe, ngakhale zolemera kwa ife okhulupirira. Josephus, amene adandandalika nkhanza za Herode mosabisa, sadatchule za kuphedwa kwa ana a ku Betelehemu. Pa Mauthenga Abwino anayi, nkhaniyi ili mwa Mateyo yekha. Ena amati Betelehemu udali mudzi waung'ono, anawo adali ochepa, ndiye n'zosadabwitsa kuti zidamira pakati pa zoopsa zina. Ena amakayikira. Luka naye akulumikiza kubadwa kwa Yesu ndi kalembera wa nthawi ya Quirinius, bwanamkubwa wa Syria. Koma kalembera wa Quirinius amene mbiri imamudziwa adachitika mu AD 6, Archelaus atachotsedwa n'kutumizidwa ku Vienne, ku Gaul. Pamenepo n'kuti Herode atagona m'manda zaka 9. Akatswiri alimbana ndi mfundoyi kwa zaka mazana angapo: ena amati kudali kalembera wina woyamba, ena amaimva ndimeyo mwa njira ina, ena amati Luka adasokoneza nthawi. Zonsezi zimakambidwa poyera m'masukulu a zaumulungu padziko lonse. Zimasochera pati zisanafike kwa mayi wa mvano amene amawerenga Baibulo lake mpaka masamba kuthothoka? Ndani adagamula kuti iye sangazisenze?

Ndikudziwa zimene muyankhe. Muti chikhulupiriro cha anthu chigwedezeka. Chigwedezeka ndi chiyani: ndi choona chonenedwa ndi mbusa wawo, kapena ndi kuzipeza okha pa foni usiku, zitalembedwa ndi munthu wofuna kuwaseka, n'kuzindikira kuti amene ankamudalira ankadziwa koma sadanene? Uthenga Wabwino sudatchule nambala ya chaka chimene Yesu adabadwa. Nambalayo ndi ya Dionysius, si ya Mateyo. Ndiye mukuteteza ndani?

Muti nthawi ndi yochepa, silabasi ndi yodzadza. Nanga nthawi yolowezetsa ana mayina ndi zaka imapezeka bwanji? Phunziro limodzi lokha likwanira kuonetsa mmene kadamsana, ndalama yachitsulo ndi buku lakale zimakumanirana kuti chaka chidziwike. Mwana amene waona zimenezi waona ntchito yeniyeni ya wolemba mbiri. Akadzamva kuti mbiya zofukulidwa ku Nkope kapena ku Mankhamba ndi za zaka zakutizakuti, adzafunsa kuti adaziyeza bwanji, ndipo adzamva kuti oyeza ukale wa makala ndi mafupa nawonso ali ndi poyambira pawo, chaka cha 1950, ndi kuti manambala awo amabwera ndi mpata wa kukayika. Kodi si mwana wotero amene mumati mukufuna kuumba? Mumatiuza kuti safunsa adadya phula, koma wofunsa kuti Yesu adabadwa bwanji Khristu asanabadwe mumamuuza kuti akhale pansi.

Ndipo musayese kunena kuti ndi zakutali, za Aroma ndi Ayuda. Nambala ya Dionysius ili pa chiphaso cha unzika cha aliyense wa ife, pa khadi la kusikelo la mwana, pa mwala wa pamanda a agogo. Idafika kuno ndi amishonale ndi boma la atsamunda, itadutsa kale m'manja mwa Papa Gregory XIII, amene mu 1582 adadumphitsa masiku 10, ndi m'nyumba ya malamulo ya Britain, imene idadumphitsa 11 mu 1752. M'kalasi momwemo muli mwana wa Chisilamu amene kunyumba ndi kumadrasa amawerenga zaka kuyambira ulendo wa Mtumiki Muhammad wochoka ku Makkah kupita ku Madinah mu 622, zaka zotsata mwezi wakumwamba, zofupika ndi masiku pafupifupi 11. Iye akudziwa kale chifukwa chake Ramadan imayendayenda pa kalendala ya pakhoma. Mudamupemphapo kuti aimirire afotokozere anzake? Ku Ethiopia, kumene Chikhristu chidazika mizu mayiko ambiri a ku Ulaya asanachilandire, amawerenga kuchokera pa kubwera kwa Yesu yemweyo, koma ali m'mbuyo ndi zaka 7 kapena 8, ndipo chaka chawo cha 2000 chidayamba mu Seputembala 2007. Akhristu a mu Africa muno momwe, Ambuye mmodzi, manambala awiri, ndipo onse awiri sakugwirizana ndi umboni wa kadamsana ndi wa ndalama za Antipas. Mwana akakufunsani mawa kuti wolondola ndani, mumuyankha chiyani? Kapena mumuuzanso kuti limenelo silibwera pa mayeso?